Wilo Losalira

Anthu akamva kuti ndinachotsedwa ntchito kudepoti ya masitima kuno ku Glasgow amathamangira kundiuza kuti pepani. Pepani wa chiyani? Musungeni pepani wanuyo, mudzam'gwiritsa ntchito pamaliro. Ine liwu limeneli ndi lomwe linandichotsetsa ntchito, chifukwa ndinakana kulitchula, ndipo mpaka lero sindinalitchule.

Ndiyambire ku Limbe. Ntchito ya njanji ndinailowa ndevu zisanamere bwinobwino, ndipo anandipereka m'manja mwa Che Mdoka, bambo wamfupi wa ku Machinga, wosaseka ndi mwana. Ntchito yawo inali yogogoda mawilo. Sitima ikaima, ankayenda m'mbali mwake ndi hamala ya mpini wautali, n'kumamenya wilo lililonse kamodzi. Wilo labwino limalira kuti ngweee, kulira kwake n'kutalika. Lomwe lili ndi mng'alu limangoti khu, ngati wamenya dzungu. Zikumveka zophweka eti? Ine zinanditengera zaka kuti khutu litseguke. Ndikamenya kawiri, Che Mdoka ankandikoka khutu lomwelo anthu akuona.

"Kamodzi! Womenya kawiri ndiye kuti koyambako samamvetsera."

Tsiku lomwe ankapuma pantchito anandipatsa hamala yawo n'kutembenuka kumapita.

Kenaka njanji yathu inayamba kudwala. Masitima anachepa, anthu ankachotsedwa m'magulumagulu. Mkazi wanga, mayi a Thoko, ndi namwino. Anapeza ntchito ku Scotland n'kutsogola, ndipo patapita nthawi anatiitana ine ndi mwana. Anzanga a kushedi potsanzikana nane anati, "Amwene, kumeneko masitima ndi osanjikizana, ena amakhala m'mwamba ena pansi. Mukatitumizire chithunzi muli m'mwambamo." Mng'ono wanga ndiye anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri. Ine nkhawa yanga inali hamala, chifukwa mpini unakana kulowa m'sutikesi. Ndinaugulula, mutu wake ndinaukulunga m'masokosi.

Tinakafikira ku Maryhill, m'fulati ya pamwamba penipeni, zenera loyang'ana kungalande ya madzi akuda. Sabata yoyamba ndinazungulira masiteshoni kusaka sitima yosanjikizana ija. Mabasi osanjikizana anali mbwee, koma sitima ayi ndithu. Sabata yachiwiri ndinatenga mapepala anga a ku Limbe kupita nawo ku ofesi yolemba anthu ntchito. Mayi wa pamenepo anawatembenuzatembenuza, n'kumwetulira mwaulemu. Anati ntchito yogogoda mawilo kuno inatha kalekale, ming'alu amaiona ndi makina. Chomwe chinalipo ndi kukolopa mabogi. Ndinavomera. Mwamuna wa manja awiri sangamakhale pazenera kuwerenga abakha mkazi akugwira ntchito kuchipatala.

Ntchito imeneyo ndisakunamizeni, inali yowawa. Chingamu chomata pansi pa mipando, zitini za mowa, masanzi a anthu ochokera kumpira. M'nyengo yozizira madzi a m'ndowa ankaluma zala mpaka kulephera kumanga batani. Zomwe ndinkapeza tinkagawana ndi a kumudzi. Malata a nyumba ya mng'ono wanga anachokera m'ndowa imeneyo, fizi ya ana akenso chimodzimodzi.

Kutchalitchi kwathu kuli Amalawi ambiri ophunzira, ena mainjiniya, ena a makompyuta. Pomwa tiyi tikaweruka ankandifunsa kuti, "Nanga inu muli mbali iti?" Ine ndinkayankha mosabisa, "Ndimakolopa sitima." Wina ankangoyamba nkhani ya nyengo. Mayi a Thoko ankanditsina m'nthiti. "Simungangonena kuti muli kunjanji basi?" Ndinkawauza kuti mopu sindinabe, ndibisirenji.

Kuseri kwa depoti kunali njanji zingapo zomera udzu, komwe ankaimika masitima opuma pantchito. Kunali mitu ya dizilo yakale, penti itasuwa, ndi mabogi ofoka mazenera. Tonse tinkangoti kumanda. Anzanga ankadyera m'kantini, ine ndinkatenga buledi wanga kukadyera kumandako, chifukwa fungo la dizilo wakale ndi girizi linkandikumbutsa kwathu. Kumeneko ndi komwe ndinadziwana ndi Tam, makaniko wa ku Easterhouse, chimunthu chachikulu chofiira nkhope, yemwe ankabwera kudzagulula zitsulo zoti zikagwire ntchito pa masitima ena. Chingerezi chake ndinatha miyezi ndisakuchimva, ndinkangovomera mutu. Khutu litazolowera ndinam'funsa za sitima yosanjikizana. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kuno singadutse, mnzanga. Azigogo athu anamanga milatho yaifupi. Imeneyo ukaione kumaiko ena."

Anandiuzanso kuti agogo ake ankapanga masitima a malasha ku Springburn, ena mwa iwo n'kumatumizidwa ku Africa. Ku Limbe kunali mutu wina wa malasha wakufa, womwe tinkabisalapo dzuwa, ndipo pa kachitsulo ka m'mbali mwake panalembedwa kuti Glasgow. Ndinamuuza. Kuyambira tsiku limenelo ankandigawira tiyi wa m'fulasiki yake, wotsekemera ngati wa mwana.

Tsiku lina mopu wanga anathyoka. Ndinauyang'ana mpini uja, kutalika kwake kunali kofanana ndi mpini wa hamala womwe ndinagulula uja. Ndinausema ndi mpeni, n'kulowetsa mutu wa hamala ya Che Mdoka. Nthawi ya nkhomaliro ndinayenda m'mbali mwa bogi lina lakufa n'kumenya. Ngweee! Abale inu, misozi inalengeza. Zaka zonse zija ndinali ndisanamve liwu limeneli.

Tam ananditcha dokotala wa mitembo. Kenaka anafuna kundiyesa. Ananditengera pa mzere wa mabogi asanu, nati limodzi mwa amenewa linaimitsidwa chifukwa cha wilo, ulipeze. Ndinayenda, ndinamenya, ndinaima pa bogi lachinayi n'kuloza. Anapita kukaona m'buku lake. Pobwera sankasekanso.

Koma pamwamba pa mtengo wa magetsi panali kamera. Bwana wa depoti, mayi wowonda wa magalasi, anandiitanitsa. Anati wokolopa amayenda m'kanjira kopakidwa penti yachikasu basi, saloledwa kutsikira panjanji kapena kugwira chilichonse cha pansi pa sitima. Ndikadzabwereza, ntchito yatha. Chikalata cha chenjezo ndinasayina popanda kulimbalimba, chifukwa mayiyo sanalakwe. Ndinkasewera, ndipo panjanji si posewerera. Hamala ndinaitsekera m'lokala, kakabati kanga ka kuntchito.

Panapita nyengo yozizira ina. Ndiye kunamveka zoti mutu umodzi wa kumanda, pamodzi ndi mabogi anayi, audzutsa kuti uyende ulendo wotsanzika usanapite kokaphwanyidwa. Okwera anali oti akhale akuluakulu omwe anapuma pantchito ya njanji, ndi akazi awo ndi zidzukulu, kupita kunyanja ya mchere ndi kubwerera. Anaupaka penti, anaupukuta mpaka kuwala. Ulendo unali wa Loweruka. Lachisanu masana ananditumiza kukakolopa mabogiwo.

Ndinali nditaima m'kanjira kachikasu ndi ndowa yanga pomwe ankawakankha pang'onopang'ono kuwabweretsa. Pamalo ena njanji ziwiri zimalumikizana, ndipo wilo lililonse podutsa pamenepo limagunda. Bogi loyamba linadutsa bwino. Lachiwirinso. Pa lachitatu ndinamva kanthu. Sindinganene kuti phokoso, kanali kaliwu kosakwanira, ngati munthu wayankha moni ali ndi chakukhosi.

Pazenera la bogilo anamatapo pepala losonyeza kuti layesedwa ndipo lili bwino. Ndinayang'ana pepala, ndinayang'ana kamera. Ndinadziuza kuti iwe, wakula, ntchito ina uipeza kuti, kolopa uzipita. Ndinalowadi m'bogimo n'kuyamba kukolopa. Pamipando anali ataikapo kale timapepala ta maina a okwera, ndipo pena panali timipando ta ana aang'ono. Ndinakolopa theka la bogi. Mopu anandilemera. Ndinamusiya m'ndowa, ndinapita kulokala.

Ndinatsika m'kanjira kachikasu kamera ikuona. Wilo loyamba, ngweee. Lachiwiri, ngweee. Lachitatu, khu. Ndinamenyanso, khu. Ndinamenya kachitatu. Khu.

Ndinathamangira Tam. Atandiona ndi hamala anagwira mutu.

"Wapenga iwe? Anakuchenjeza kale!"

"Tiye ukamve."

"Ndi mabuleki amenewo, agwira wilo, ndiye silingalire."

"Mabuleki agwira lokhali? Anzakewa akulira bwanji?"

Anabwera, anamvetsera, kufiira konse kunachoka kumaso. Anati ndibise hamala, iye akanena kuti wakayika yekha, mwina zithunzi za kamera palibe aziyang'ane. Tinapita limodzi ku ofesi, ine n'kuima pakhomo ngati ndadzatenga zinyalala. Ndinamva bwana akumufunsa kuti waona chiyani. Tam anati sanaone kanthu, wangokayika. Mayiyo anati bogi layesedwa, pepala lasayinidwa, alendo aitanidwa kale, sangalichotse chifukwa munthu wangokayika. Tam anayesa kulimbikira koma analibe poyambira.

Apo ndiye ndinalowa. Ndinaika hamala patebulo pawo, pamwamba pa mapepala.

"Sanakayike iyeyu. Ndine ndalimenya. Bogi lachitatu, mbali ya kumpanda, wilo lachitatu. Ndi long'aluka."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Mukudziwa tanthauzo la zomwe mwandiuzazi?" Ndinati ndikudziwa. Anandiuza kuti ndipereke khadi lolowera pageti ndizipita kunyumba kufikira atandiitana. Hamala inatsala patebulo.

Loweruka ndinatenga Thoko, tinakaima pamlatho wina womwe sitimayo inkadutsa pansi pake. Thoko anali atakula, ali kusekondale, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha kuno chomeza zilembo. Mutu uja unatulukira ukufuka utsi, ukulira ngati mnyamata. Ndinawerenga mabogi. Atatu. Madala a imvi ankatulutsa manja pamazenera kubayibitsa aliyense. Thoko anandigwira mkono n'kufunsa, "That yer train, Dad?" Ndinati eya, ndi imeneyo. Ndinatsamira chitsulo cha mlatho.

Anandiitana patapita masiku. M'chipindamo munali bwana uja ndi bambo wina wa taye wochokera kulikulu. Anandikankhira pepala. Linati ndikuvomera kuti ndinaphwanya lamulo, ndikupepesa, ndipo sindidzabwerezanso. Ndikasayina, Lolemba ndibwerere kuntchito.

Ndinafunsa kuti, "Nanga wilo lija munalipeza bwanji?"

Wa taye uja anati nkhani ya wilo si ya pamsonkhano uno.

"Ndiye ndi ya pamsonkhano uti?"

Bwana anandisendezera cholembera. Sanali munthu woipa mayi uja, ankafuna ndithu kundipulumutsa. Anati, "Ndi liwu limodzi lokha. Kuno timalinena ngakhale wina akatiponda phazi." Ndipo n'zoona, anthu a kuno amapepesa tsiku lonse, amapepesa ndi chitseko chomwe akachigunda. Koma ine sindinaleredwe choncho. Kwathu ukapepesa pa chinthu chomwe wachita, ndiye kuti ukunena kuti chikanakhala bwino ukanapanda kuchichita. Ndiye ndinene kuti zikanakhala bwino bogi lija likanapita ndi ana aja?

Ndinati, "Lembani kuti ndinaphwanya lamulo, ndisayina pompano, chifukwa ndinaliphwanyadi. Koma zopepesazi fufutani. Zoti sindidzabwerezazinso fufutani, chifukwa mawa ndikamva wilo lotere ndidzatsikanso."

Anati mawuwo sangasinthidwe. Anandipatsa sabata kuti ndikaganize.

Sabata imeneyo m'nyumba munalibe mtendere. Mayi a Thoko anayamba ndi kunyengerera, kenaka kukalipa, kenaka kulira.

"Bambo a Thoko, ine msana watha ndi kunyamula odwala. Mwana akupita kukoleji. Kumudzi akuyang'ana kuno. Ndiye tizidya hamala yanuyo?"

Ankanena zoona. Anakaitana a Mbewe, mkulu wa mpingo, injiniya wa kampani ina yaikulu. A Mbewe anakwera masitepe athu onse aja akupuma wefuwefu, tinapatsana moni, anapemphera, kenaka anayamba.

"Achimwene, kwa eni kulibe mkuwe. Tonsefe kuno timameza zambiri. Sayinani, mumtima muzidziwa nokha kuti simunalakwe."

Ndinati, "Akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndiye akameta bwino apepesenso?"

"Kudzikuza kumeneko."

"Mwina. Koma a Mbewe, mapepala anga anawakana, ndinavomera. Anandipatsa mopu, ndinalandira. Chomwe ndinatsala nacho ndi khutu lokhali. Ndikasayina kuti nalonso linalakwa, nditsala ndi chiyani?"

Anamwa tiyi wawo n'kutsika. Musaganize kuti ndinalibe mantha. Ndinali nawo kwambiri. Koma tsiku litakwana ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi, ndinapita, ndinabweza pepala lija losasayina. Bwana anandiperekeza mpaka pageti, anandigwira chanza osandiyang'ana kumaso.

Miyezi yotsatirayo ndi yomwe sindikonda kuikumbuka. Ndinakhaladi pazenera paja kuwerenga abakha. Pambuyo pake ndinapeza ganyu yotsuka mapoto m'kafe ina ku Shawlands, kukwera mabasi awiri. Mayi a Thoko ankandiyankhula zofunika zokhazokha. Ndipo chomwe chinkandidya kwambiri n'chakuti palibe anandiuza za wilo lija. Nthawi zina ndili pasinki ndinkadzifunsa kuti kodi kapena khutu linakalamba, ndinataya ntchito chifukwa cha mabuleki?

Lamulungu lina masana kunamveka kugogoda. Anali Tam, thukuta kamukamu ndi masitepe, atanyamula chikwama cha zida. Anatulutsa hamala yanga, mpini wa mopu uli pomwepo. Kenaka anatulutsa chinthu chokulunga m'nsanza n'kuchiika patebulo, gu! Chinali chidutswa cha chitsulo chokula ngati njerwa. Anati bogi lija linapita kokaphwanyidwa, ndipo iye anapempha anyamata a kumeneko kuti amudulire chidutswa cha wilo lija. Kunja kwake kunali kosalala, kowala. Atachitembenuza, mkati munali mng'alu wautali kuposa chala, wakuda ndi dzimbiri.

Mayi a Thoko anabwera kuchokera kukhitchini. Analowetsa chikhadabo mumng'alumo n'kuuyendetsa kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Anafunsa Tam kuti m'bogi limenelo mumakwera anthu angati. Atawauza, anabwerera kukhitchini. Anam'phikira Tam tiyi wa shuga wambiri, ine anandiikira dzanja paphewa podutsa. Ntchito sinabwerere, ndipo sindinaipemphenso.

Chaka chathachi ndinapita kumudzi koyamba chichokereni. Ana a mng'ono wanga ndinawasiya akukwawa, ndinawapeza ali ndi mawu a bambo, akunditchula kuti ankolo a ku UK, maso ali pa sutikesi. M'chipinda chochezera, pansi pa malata anga aja, panapachikidwa chithunzi chachikulu cha sitima yosanjikizana, sindikudziwa ya dziko liti. Mng'ono wanga anandikokera pambali.

"Achimwene, anthu kuno amadziwa kuti mumayendetsa imeneyo. Chonde musandichititse manyazi."

Madzulo alendo atadzaza, bambo wina anafunsa kuti woyendetsa amakhala m'mwamba kapena pansi. Ndinati sindikudziwa, sindinaionepo, komwe ndimakhala milatho ndi yaifupi. Ndinati ine ndinkakolopa masitima, anandichotsa, pano ndimatsuka mapoto. Mng'ono wanga anatuluka panja, ndipo mpaka ndinanyamuka ankandiyankha mokoka. Zake zimenezo. Malata sanawabweze.

Ndinadutsa kushedi ku Limbe. Mitu ina yomwe ndinkaidziwa ndinaipeza itaima m'udzu, mawilo atamira m'dothi. Mlonda anandiuza kuti Che Mdoka akadali moyo, ali kwa mwana wawo ku Bangwe. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, maso atachita ng'ala. Nditapereka moni anapendeketsa mutu.

"Iwe ndiwe uja womenya kawiri."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kuwafotokozera zonse, kuyambira mopu mpaka pepala. Kenaka ndinawaika chidutswa chija m'manja. Ndinali nditasiya nsapato ndi zovala zina ku Glasgow kuti chikwane pa sikelo ya ndege. Anachisisita, anapeza mng'alu, anaununkhiza.

"Wakale uwu. Unayambira mkati. Unamenya kangati?"

Ndinafuna kunama. Ndinati, "Katatu, Che Mdoka."

"Katatu!" Dzanja lawo linafufuza m'mwamba mpaka linapeza khutu langa, n'kulikoka monga kale, ine bambo wa imvi, zidzukulu zawo zikuseka. "Zaka zonse zija ndinkaphunzitsa mwala?"

Sanalisiye khutulo. Anangofewetsa zala.

"Nanga pepala lawolo unasayina?"

"Ayi."

"Hamala ili kuti?"

"Ili m'chikwamamu. Ndabwera nayo kuti ndikubwezereni."

Anandikankha mutu pang'ono n'kubweza dzanja m'bulangete.

"Ukanasayina ndikanailandira. Bwerera nayo."